Atipatsa deti yakutali kuchipatala chachikulu, tidikire kapena tingopita?

Mwana wa Msodzi:
Moni nonse a kuno ku Mangochi, ndithandizeni nzeru abale. Bambo anga akhala akukodza magazi kwa nthawi ndithu, poyamba tinkangoti ndi likodzo poti munthu wakulira m'madzi, moyo wawo wonse ndi ukonde ndi bwato basi, ndiye anamwa mankhwala a likodzo aja koma osasintha. Atawaunika pa sikani adokotala anati akuona kanthu m'chikhodzodzo, akufunika akaonedwe kuchipatala chachikulu. Kalata atilembera, mukabuku alembamo deti ya kiliniki, koma deti yakeyo ili kutali zedi mwina mvula idzakhala itagwa kale, pomwe madalawo akuwonda tikuwaona ndi maso. Achimwene anga akuti tingokwera minibasi tikagone pakhomo pachipatala mpaka atione, ine ndikuopa kuti atibweza thiransipoti ipite pachabe. Amene munadutsamo zimayenda bwanji?

Mjomba wa ku Namwera:
Pepani mphwanga, Mulungu awagwire dzanja bambowo. Koma achimwene anuwo auzeni adekhe kaye. Kiliniki ya madokotala akuluakulu siili ngati OPD yoti wadzuka ndi malungo wapita, iliyonse ili ndi tsiku lake pa sabata, ya maso tsiku lake, ya mafupa tsiku lake, ndipo amaitana maina amene analembedwa. Ukafika tsiku lolakwika dokotala wakoyo ali ku fiyeta akupanga opaleshoni, umangouzidwa kuti mubwere pa deti yanu. Ndiye muganize mwadutsa Ulongwe, Liwonde, mwafika Zomba kapena mwapitirira mpaka Blantyre ndi munthu wodwala pampando wa minibasi, kukangomva zimenezo.

Kuchedwako sikuti akukuzondani ayi. Zipatala zikuluzikulu za boma zotere zilipo zinayi dziko lonse, Queens, Kamuzu Central, Mzuzu ndi Zomba Central. Pa Zomba pokha pamathira anthu a Mangochi, Machinga, Balaka kuphatikiza eni ake a Zomba, madokotala ake owerengeka.

Nesi Wopuma:
Mwana wanga, amjombawa anena zoona koma ndiwonjezere chimene anthu ambiri sachidziwa. Deti ija ndi ya munthu amene matenda ake ali monga analili tsiku limene anamulembera kalata. Zinthu zikasintha deti siigwiranso ntchito, ndipo kobwerera ndi kwa amene anakulemberani kalatawo, osati kuthamangira kutauni panokha. Iwo ndi amene angathe kuimba foni kwa anzawo kuchipatala chachikulu kuti deti isendezedwe, kapena kuwagoneka muwodi ndikuwatumiza pa ambulasi ngati aona kuti sizodikira. Wopita motero salowanso pamzere wa kiliniki.

Muziwayang'anira izi, mkodzo ukatsekeka osatulukiratu pamimba nkutupa, akayamba kutulutsa magazi oundana, thupi likatentha ndi kunjenjemera, m'maso ndi m'manja mukayera, chizungulire, befu ngakhale angoyenda pang'ono, miyendo kutupa kapena kusanza osadya. Chimodzi mwa izi musadikire kuti kuche bwino, anyamuleni. Ngakhale pasakhale chilichonse kapempheni kuti awayeze kuchuluka kwa magazi m'thupi chifukwa munthu wotaya magazi pang'onopang'ono amatha mosaonetsa. Azimwa madzi ambiri, ndipo asipilini wa pagolosale musawapatse amawonjezera kutaya magazi.

Sindikubisirani, likodzo likakhalitsa zaka zambiri limawononga chikhodzodzo ndipo kwa ena limabweretsa khansa, nchifukwa chake adokotala sanazitenge mwachibwana. Koma si chilichonse chooneka pa sikani chimene chili khansa, nthawi zina umakhala mwala. Akaona bwino akakalowetsa kakamera koonera m'kati mwa chikhodzodzo. Mukasowa womufunsa imbani 54747 pa Airtel, Chipatala Cha Pa Foni, ndi ulele.

Achemwali a pa Soko:
Ine ndingokuuzani za ulendowo poti ndinakhalapo gadiyani wa mayi anga. Musaganize kuti tsiku la detilo zonse zikathera pompo, ulendo woyamba nthawi zambiri amangomuona munthu, kulemba zoti akayezedwe, kenako deti ina ya zotsatira, kenako ina ngati pali opaleshoni, ndiye ndalama musaithire yonse ulendo umodzi, abale asonkhe pang'onopang'ono kuyambira pano usipa ukadagwidwa. Nyamukani dzulo lake mukagone kwa m'bale kuti mbandakucha mukhale muli pabenchi, minibasi za kuno mukuzidziwa, sizinyamuka zisanadzaze kkkk. Kabuku, kalata, pepala la sikani ndi mapaketi a mankhwala onse amene amwa muike mujumbo imodzi, ndipo muzijambule pafoni chifukwa pepala likasowa mumayambiranso. Kaufa, kapoto ndi chofunda tengani, sizidziwika mwina akawagoneka tsiku lomwelo. Apite ndi munthu wodziwa kufotokoza, madala athuwa akafika pamaso pa dokotala amangoti ndili bwinoko pang'ono, makamaka nkhani ikakhala ya kumunsi kwa thupi, ndipo ngati amamasuka m'Chiyao gadiyaniyo akhale woti atanthauzira.

Komanso nthawi yodikirayi kubwera anthu ndi mabotolo a zitsamba, wina azati ndi zam'mudzi izi. Ndalama ya thiransipoti imathera kumeneko.

Mwana wa Msodzi:
Zikomo nonse. Amayi anesi, magazi oundanawo anatuluka usiku wathawu ndipo mkodzo umavuta kutuluka, ife timangoti bola deti ilipo. M'maso ndawayang'ana muli mbuu. Ndawaimbira achimwene asake njinga yamoto tibwerere nawo pano kwa amene anatilembera kalata. Akatigoneka muwodi, deti ya kiliniki ija imafufutika kapena timaisungabe?