Malume avulala msana, tilowere kuti?

Wa ku Lizulu: Abale thandizeni, malume anagwa pa kabaza miyendo yonse sikugwira, kuchipatala angoti tidikire basi. Za msana amathandiza kuti?

Nangondo: Pepani achimwene. Pemphani kalata yotumizira mupite nawo ku LION pa Kamuzu Central, ndi komwe kuli madokotala a mafupa ndi msana, mafizo ndiye ku chipatala cha Kachere ku Blantyre.

Mayi a ku Bembeke: Chonde muziwatembenuza maola 2 aliwonse ngakhale usiku, zilonda za kumatako zikangoyamba sizipola msanga, mphasa yonyowa mkodzo osaisiya ayi.

Wa ku Kasinje: Lamulo la aulumali linabwera 2012 koma zonse zili mtauni, ife akumudzi transipoti tiitenga kuti? Wilutcheya kafunseni a MAP, bungwe lothandiza anthu aulumali.