Phwiti anakwatira njiwa, mwambi umenewu ukutanthauza chani kwenikweni?

Abale ndithandizeni apa. Mwambi uja woti "kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa" ndimaumva kuyambira kale koma lero wandizunguza mutu. Choyamba phwitiyo ndi mbalame iti? Ine ndinakulira mtauni, mbalame zomwe ndimadziwa ndi khwangwala ndi nkhunda za aneba basi. Chachiwiri khama akunenalo ndi liti, lopita kukafunsira tsiku ndi tsiku mpaka njiwa kutopa nkulola, kapena ndi zamumtima zija zoti phwiti sanadziuze kuti ine ndine kakang'ono njiwa si saizi yanga? Ndikufunsa chifukwa mng'ono wanga walephera masamu pa MSCE ndiye akungoti "ine mutu wanga ngouma, kwathu kuno kulibe wa masamu" ndipo zobwereza sakufuna nkumva komwe. Ndimafuna ndikamuuze mwambiwu koma ndiyambe ndaudziwa kaye ine.

— Phwiti ndi kambalame kakang'ono zedi achimwene, kamadya timbewu ta udzu, tili ana tinkakatchera ulimbo. Mukakayika pambali pa njiwa mungaseke. Ndiye mwambiwo ukungoti chooneka chosatheka chimatheka ukalimbikira. Zoti anadziuza chani mumtimazo mwawonjezera nokha, makolo sankapanga za motivation kkkk

— Iyayi mwanawe usafulumire. Ukwati kwathu kuno suyamba ndi kulima dimba la apongozi, umayamba ndi kutsegula pakamwa kufunsira mbeta, kenako nkukauza amalume ako kuti ndapeza munthu, ankhoswe akumane. Tsono phwiti akanakhala pa nthambi nkumadziyeza ndi njiwa, nkumati taonani timiyendo tangati, akanafika ngakhale pabwalo? Khama la manja limabwera pambuyo, loyamba ndi lolimbana ndi mawu aja amakuuza kuti khala pansi iwe ndiwe ndani. Makolo ankazidziwa izi, nchifukwa chake anatinso ukaipa dziwa nyimbo, sananene kuti ukaipa kabisale kuchipinda.

— Amayi anena zoona. Ndiwonjezereko pang'ono poti zimenezi azachipatala anazifufuzanso. Dokotala wina waku America, Aaron Beck, m'zaka za m'ma 1960 anaona kuti odwala matenda okhumudwa amakhala ndi timaganizo tongobwera tokha, monga palibe chomwe ndingathe, ndipo munthu amatikhulupirira osatifunsa nkomwe. Njira yake, yomwe pano amati CBT, inali yoti ganizolo ulilembe papepala ndiye ulizenge mlandu, umboni wake uli kuti? Mng'ono wanuyo alembe "mutu wanga ngouma". Umboni wovomereza, walephera phunziro limodzi. Umboni wotsutsa, enawo anakhoza, chenji pa grosale sam'bera, mwina amawerengetsa matebulo a ligi pamtima kuposa inu. Ndiye chiganizocho chisinthe chikhale choona, "masamu sindinawamvetsebe". Carol Dweck, katswiri wa zamaganizo wa ku yunivesite ya Stanford ku America, ndi amene anatchukitsa kusiyana kumeneku, pakati pa mwana woganiza kuti nzeru ndi zobadwa nazo basi ndi woganiza kuti zimakula ukamazigwiritsa ntchito, woyambayo akalephera kamodzi amathawa, winayo amafunsa kuti ndinalakwitsa pati. Koma chonde musakamuuze zoima pa galasi nkumakuwa kuti ndine champion, mtima umadziwa ukamaunamiza. Akufunika ma past paper a MANEB ndi munthu womuonetsa pomwe akusochera.

— Ine zimanditopetsa izi. Munthu alibe fizi, wagona ndi njala, inu mukuti asinthe kaganizidwe. Phwiti wake uti

— Mfundo yanu ndaimva akulu ndipo sindikutsutsa, maganizo salipira fizi. Koma tatengani William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Anasiya sekondale nthawi ya njala ija ya 2001 mpaka 2002 chifukwa cha fizi yomweyo, nkumakabwereka mabuku ku laibulale yaing'ono, Chingerezi chake chili chovutikira amangotsatira zithunzi, mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zotola kudzala. Anthu pamudzi ankati wapenga. Akanawavomereza bwenzi zitathera pomwepo. Inde pambuyo pake anthu anamuthandiza ndi sukulu mpaka kukamaliza ku koleji ya Dartmouth ku America mu 2014, izo sitingabise, yekha sakanafika. Koma othandizawo anabwera chifukwa anapeza chinthu chikuzungulira kale pamwamba pa mitengo.

— Choopsa kwa mwanayo ndi mawu akuti "kwathu kuno kulibe wa masamu", sanawapeke yekha amenewo, anawamva pakhomo pomwepo. Fufuzani amene amawalankhula, mwina ndi inu nomwe achimwene kkk

— Eee mwandilasa, amakonda kunena zimenezo ndi bambo athu akamaseka. Zikomo nonse, phwiti ndamudziwa tsopano. Zolemba papepalazo ndikamuyesa Loweruka, kungoti mwanayu ine amandiona ngati wapolisi ndikangoyamba za sukulu amatuluka panja. Kodi nkhani ngati iyi bola ndiyambitse ine kapena ndiwatume amalume? Nanga bambowo ndiwauza bwanji kuti nthabwala yawo ija isiyike osaoneka mwano?