Mzinga uli pa wotchi paja unachokera pa sitima iti?

Wa_ku_Mpondasi:
Akuluakulu ndithandizeni, mzinga uja uli pafupi ndi wotchi ya Queen Victoria ku Mangochi tikamalowera ku buliji, mwana wanga akuti aphunzitsi awauza kuti unali pa sitima ya nkhondo, ndiye ngati ndi zoona sitimayo ili kuti? Maiko ena sitima zotere amazisunga anthu nkumalowamo kukaona, ife bwanji tinangotsala ndi mzinga wokha?

Madala_a_ku_Malindi:
Aphunzitsiwo sananame achimwene. Unali pa Guendolen, ena amalemba Gwendolen, sitima ya Angerezi yomwe zitsulo zake zinachokera ku Britain nkudzalumikizidwa konkuno nthawi imeneyo kukutchedwa Fort Johnston, inalowa m'madzi 1899. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba mu Ogasiti 1914 kaputeni Rhoades analamulidwa kukasaka sitima ya Majeremani Hermann von Wissmann, anakaipeza ku Sphinxhaven komwe pano ndi Liuli ku Tanzania ili pamtunda akuikonza, anaiombera pomwepo. Kaputeni wa Majeremani Berndt anali asanamve nkomwe kuti kwayamba nkhondo, akuti anapalasa bwato kudzakalipira Rhoades poti anali anzake omwera limodzi, nkumangidwa pompo. Nyanja yonse inakhala m'manja mwa Angerezi kuchokera tsiku limenelo, mpake ankatha kutumiza asilikali ndi katundu ku Karonga. Sitimayo anadzaiphwasula kalekale, koma mukalowa mu miziyamu mupeza anamanga chofanizira cha pamene kaputeni ankaima poyendetsa.

Mayi_Chambo:
Zimandiwawa zimenezi ine. Ku Poland kuli destroyer, sitima ya nkhondo yothamanga kwambiri, yotchedwa Błyskawica, inapangidwa ku Cowes ku England nkuyamba ntchito 1937, inamenya nkhondo yachiwiri yonse, mu Meyi 1942 inatetezanso tauni ya Cowes yomweyo ndege za Majeremani zikuponya mabomba, ndipo mpaka lero ili pa doko ku Gdynia ana asukulu akukweramo. Angerezi nawo anasunga HMS Cavalier ku Chatham yomwe inapuma 1972.

Madala_a_ku_Malindi:
Zoona amayi koma kusunga sitima ndi ndalama, chitsulo chikakhala m'madzi chimafuna penti ndi kuwotcherera chaka ndi chaka apo bii dzimbiri limadya. Komanso Guendolen sinali destroyer, inali kasitima ka mfuti ka panyanja yathu ino basi.

Mayi_Chambo:
Ukulu siwofunika bambo, nkhani ndi mbiri yake. Guendolen inapita, chabwino, nanga Chauncy Maples ku Monkey Bay? Inapangidwa ku Glasgow, inayamba kuyenda panyanja 1901 ya amishoni a Anglican, pa nkhondo ija inanyamulanso asilikali, ankafuna kuisandutsa chipatala choyandama koma ntchito inaima. Imeneyo ndiye tiikuwire isanathe.

Wa_ku_Mpondasi:
Zikomo kwambiri nonse, Loweruka ndimutengera mwanayu ku miziyamu. Alipo akudziwa ngati ku Monkey Bay amalola munthu wamba kuyandikira Chauncy Maples?