Gulu la banja: zomuperekeza Mzime ku misonkhano

Chisamba: Mwaswera bwanji nonse. Mng'ono wathu Mzime anabwera dzulo m'mamawa osaitanidwa, anangokhala pakhonde mpaka ine kudzuka. Nditamupatsa madzi, manja amanjenjemera mpaka madziwo kutayikira pamalaya. Anangoti, "Achemwali, ndatopa." Akufuna kusiya mowa.

Malume: Chaka chatha ananenanso zomwezo.

Azakhali: Chaka chatha tinachita kumugwira ndife. Ulendo uno wabwera ndi miyendo yake.

Malume: Nanga zimene tinasonkha nthawi ija zinathera kuti? Ine sindinamve.

Chisamba: Malume, zimenezo tikambe tsiku lina chonde.

Alamu: Pepani ndilowerepo. Asasiye lero ndi lero ali yekha m'nyumba. Munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, thupi limakhala litazolowera. Akangodula, pasanathe masiku 2 kapena 3 ena amaona zilubwelubwe, ena amagwa ngati akhunyu, ndipo munthu akhoza kufa. Ayambe waonana ndi dokotala. Misonkhano ija si chipatala.

Chisamba: Kuchipatala tikupita mawa. Tikafunsanso komweko ngati akudziwa gulu limene limakumana pafupi.

Achimwene: Misonkhano yake iti? Ndangolowa kumene.

Alamu: Ya Alcoholics Anonymous, ambiri amangoti AA. Inayamba mu 1935 ku Akron, ku America, pamene Bill Wilson ndi dokotala wina, Bob Smith, onse ovutika ndi mowa, anaona kuti akamacheza za vuto lawolo tsiku limatha osamwa. Mpaka pano ndi zomwezo. Anthu amakhala pansi pafupifupi ola limodzi, aliyense kufotokoza zake. Wosafuna kuyankhula samukakamiza. Amatchulana dzina loyamba lokha.

Malume: Zidakwa zokhazokha kulangizana? Mwamuna akafuna kusiya amasiya yekha.

Alamu: Malume, amene akhala zaka asakumwa ndi amene amamugwira dzanja watsopano. Amasankha mmodzi, amati sponsor, woti azimuimbira ngakhale usiku chilakolako chikamugwira. Samulonjezetsa za moyo wonse, amangoti lero lokha usamwe.

Achimwene: Kulowa ndi zingati?

Alamu: Salipiritsa. Chofunika n'choti munthu akufuna kusiya basi. Amayendetsa kambale, amene ali nayo aponyamo, ndipo ndalama zochokera kwa anthu akunja salandira. Ife tikusonkha ya thiransipoti ndi ya bandulo, chifukwa misonkhano ina imachitika pa Zoom.

Chisamba: Ndiye ndinene poyera. Muno tilimo anthu 11, atumiza ndi 4. Azakhali, Alamu, Amayi aang'ono ndi ine.

Achimwene: Ine kutha kwa mwezi.

Chisamba: Mwezi uti achimwene?

Achimwene: Uno.

Malume: Ine ndidikira kaye ndimve za chaka chatha.

Amayi aang'ono: Taonani mdzukulu wanu wayamba kuyenda lero!

Azakhali: Ayi ndithu wakula. Mphuno ndi ya agogo ake yeniyeni.

Achimwene: Mesa anabadwa dzanadzanali? Nthawi ikuthamanga.

Amayi aang'ono: Wagwira mpando, kenako wausiya, mapazi atatu n'kugwa.

Chisamba: Tathokoza mayi, timuone Loweruka. Koma tibwerere kwa Mzime. Amuperekeza ndani tsiku loyamba? Akuti payekha akhoza kukafika pakhomo n'kubwerera.

Azakhali: Ine ndipita naye. Koma andilola kulowa?

Alamu: Zimatengera msonkhano wake. Ulipo wotseguka, umene achibale amaloledwa kukhala nawo n'kumamvetsera. Wina ndi wa okhawo ofuna kusiya mowa. Tifunsiretu tikamaimba foni, tifunsenso tsiku ndi nthawi, chifukwa zolembedwa pa intaneti nthawi zina zimakhala zakale. Gulu loyamba likapanda kumukomera asagwe ulesi, ayese lina. Ngati zotchula Mulungu zimuvuta, palinso gulu lina la SMART Recovery, iwo sayendera zauzimu.

Azakhali: Akandikaniza ndikhala panja mpaka atuluke. Ndinamudikira kale malo oipa kuposa amenewo.

Malume: Ine ndanena kale, mwamuna amasiya yekha. Ife ena tinasiya popanda msonkhano.

Azakhali: Inde a Malume, tonse tinalipo nthawi imeneyo.

Chisamba: Chinanso. Ndalama isapite m'manja mwake, wapempha yekha zimenezi. Ndizisunga ine, ndipo Lamlungu lililonse ndizilemba muno zimene zalowa ndi zimene zatuluka, kuti pasadzakhalenso mafunso.

Amayi aang'ono: Nanga mkazi wake? Mtsikana uja waonda, ana akamva chitseko usiku amathawira kuchipinda.

Alamu: Ake aliponso. Al-Anon ndi ya achibale, anaiyambitsa mu 1951 Lois, mkazi wa Bill yemwe uja, ndi mnzake. Achemwali, nanunso mupiteko, mwasenza zambiri.

Chisamba: Ndamva. Komanso chonde izi zithere muno. Wina akakaziulutsa kunja, Mzime sadzapondakonso.

Malume: Ndiye mukuti za chaka chatha sitimva?

Chisamba: Malume, ndikuimbirani madzulo ano.

Azakhali: Bambo aang'ono, tikuona kuti mauthenga mukuwerenga. Galimoto yanu mawa ikhalapo ya kuchipatala?

Azakhali: Bambo aang'ono?

Achimwene: Akapanda kuyankha pofika 8 koloko ndibwera ndine. Mumuuze Mzime akonzeke.