Nditani kuti rekoda yanga isamayake yokha m'chikwama ndikakhala pa ulendo?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumayenda kawirikawiri ndi makina ojambulira mawu.

Ntchito yanga imafuna kuti ndiziyenda mitunda italiitali kukajambula zimene anthu achikulire akukumbukira, ndipo ndimagwiritsa ntchito rekoda yaing'ono ya m'manja yoyendera mabatire awiri a AA. Kawiri konse tsopano ndafika kumene ndimapita n'kupeza mabatire atatheratu chifukwa rekodayo inayaka yokha m'chikwama. Ulendo wachiwiri ndi umene unandipweteka mtima kwambiri, popeza batani lojambulira nalo linadinika, moti inajambula phokoso la galimoto mpaka mabatire kutha. Ine ndimajambula mu mtundu wa fayilo ya mawu wotchedwa WAV, ya 48 kHz ndi 24-bit, imene imadya malo opitirira pang'ono 1 GB pa ola lililonse, choncho memori khadi inadzaza ndi phokoso lopanda ntchito, ndipo agogo amene anandidikira kuyambira m'mawa ndinawajambula ndi foni.

Swichi ya HOLD, imene imatseka mabatani kuti asagwire ntchito akadinika, ilipo ndithu ndipo sindiiwala kuitchera, koma ili m'mbali komanso ndi yofewa, kotero kuti ikakhulana ndi zingwe kapena mahedifoni imasuntha. Ndinatcheranso kuti rekodayo izizima yokha ikakhala mphindi 5 osakhudzidwa, koma zimenezi sizithandiza ngati yayamba kale kujambula.

Ndikudziwa kuti ambiri mundiuza kuti ndizingochotsa mabatire, ndipo ndinayesa. Vuto ndi lakuti akakhala kunja nthawi yaitali, deti ndi nthawi zimafufutika, ndipo ndikaiwala kuzikonza, mafayilo onse amakhala ndi deti yolakwika. Kwa ine imeneyi si nkhani yaing'ono, chifukwa deti ndi imene imandithandiza kudziwa amene ndinalankhula naye tsiku limenelo. Kulowetsa kapepala pakati pa batire ndi kachitsulo kake kumabweretsanso vuto lomweli.

Tsono kodi alipo amene anamatapo tepi pa swichi kuti isasunthe? Ngati alipo, ndi tepi ya mtundu wanji imene sisiya zomata pa pulasitiki kukatentha? Ndikuganizanso zogula kabokosi kolimba kokhala ndi siponji m'kati, koma ndikuopa kuti siponjiyo ikhoza kumadina mabatani ndikatseka chivundikiro. Amene muli nako, kodi munachita kuiboola pamene pali mabatani, kapena munaisiya momwemo?

Zikomo kwambiri.