Ndigule rauta kapena ndisinthe laini? Thandizeni ndalama zisanathe

Membala wobisa dzina:
Mwaswera bwanji nonse. A admin chonde musaonetse dzina langa, alamu anga ali pa gulu lomweli. Achimwene anga a ku Joni anditumizira kandalama kuti ndikonze za intaneti, chifukwa mwana wanga wamkazi ali ku koleji ndipo pano ali patchuthi koma ntchito zina amatumiza pa foni. Bandulo tikagula ikungotha osapindula nayo, kanema wa phunziro amangozungulira. Sabata yatha anachedwa kutumiza ntchito, analira usiku wonse. Bambo ake chikwatirireni kwina sanaperekeko ngakhale ya sopo, koma pa Facebook ndiye "mwana wanga wa ku koleji". Ndalamazi zitangofika, alamuwo, amuna a mng'ono wanga, atulukira kuti ndiwabwereke za feteleza, chonsecho za chaka chatha sanabweze, njinga yanganso anabweza ilibe tcheni. Ndiye ndikufuna ndigule chogulacho msanga. Ena akuti rauta, kabokosi kaja kogawa intaneti m'nyumba, ena akuti ndisinthe laini, ena akuti mbale ija ya Starlink. Nditani ine? BP yakwera.

Wokonza mafoni ku Limbe:
Mayi, muli dera liti? Nanga foni ya mwanayo ndi yotani?

Madala a ku Ndirande:
Amayi, khalani pansi ndikuuzeni, poti ana a masiku ano akuona ngati mafoni anabwera ndi Chakwera. TNM inayamba 1995, ine ndikuona. Celtel inabwera 1999, inasanduka Zain 2008, kenako Airtel 2010. Nthawi imeneyo munthu wa foni m'thumba timamupatsa mpando pa maliro. Lero gogo wa ku Nthalire akulandira ndalama pa foni ya mabatani, chifukwa Airtel Money inayamba 2012, Mpamba n'kutsatira 2013. Zakula, sindikukana. Koma makampani akuluakulu ndi awiri omwewo mpaka lero. Mukati musinthe laini, mukuchoka khomo ili kupita khomo loyandikana nalo basi.

Mtsikana wa ku Area 25:
Ine ndangoima pa tcheni cha njinga. Alamu anachotsa n'kupita nacho kuti? 😂

Mnyamata wa za makompyuta:
Musavutike, gulani Starlink. Inafika kuno 2023, sidalira nsanja ya netiweki, imangofuna poonekera kumwamba. Nkhani yatha.

Madala a ku Ndirande:
Iwe mphwanga, munthu akunena "kandalama" iwe ukumutchulira mbale. Ukudziwa kuti mwezi ndi mwezi imafuna kulipiridwa? Imadyanso magetsi usana ndi usiku. Achimwene a ku Joniwo azitumiza mwezi uliwonse? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera nayo. Ndipo anthu mumatukwana makampani okha, osadziwa kuti dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Intaneti yathu imachita kudutsa m'zingwe za ku Tanzania ndi Mozambique, eni njira amalipiritsa. Pamwamba pake boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa data mu 2015, VAT ili pompo. Mukagula bandulo mwadyetsa anthu ambiri.

Mnyamata wa za makompyuta:
Madala, mayiwa afunsa chogula, sanafunse mbiri ya dziko.

Madala a ku Ndirande:
Wosadziwa kumene mvula inayamba kumunyowetsa ndi iweyo. 5G yomwe mumaitama ija inayesedwa 2023 ku Blantyre ndi Lilongwe, kumudzi anthu akukwerabe pachulu.

Mphunzitsi wa kumudzi:
Zapachuluzo ndi zoona. Kwathu kuno pali mtengo wa mango umodzi kuseri kwa sukulu, ndi pomwe pamagwira. Madzulo mumapeza aphunzitsi tonse tili pamenepo ngati tikudikira minibasi. Ndinagula rauta ya ndalama zambiri, kufika nayo kunyumba kangoyaka kofiira. Ili m'kabati ndi mbale za alendo. Rauta sipanga netiweki amayi, imangotola yomwe ilipo.

Mayi wa mvano:
Koma inu, nkhani za m'banja pa gulu la anthu masauzande? Mwabisa dzina koma tcheni cha njinga mwatchula. Alamu anuwo sadzizindikira? Bambo a mwana ngakhale alakwe ndi bambo ake ndithu.

Mtsikana wa ku Area 25:
Amayi a mvano, bambo wa pa Facebook ameneyo asiyeni atchulidwe.

Ejenti wa pamsika:
Chenjerani ndi ogulitsa marauta pa intaneti oti tumizani kaye theka. Kasitomala wanga anatumiza, nambala n'kuzima tsiku lomwelo. Komanso mukagula laini yatsopano pitani nokha ndi chiphaso chanu cha unzika, musagule yolembetsa kale m'dzina la munthu wina. Ikadzatsekeka ndi ndalama m'katimo mudzalira.

Wokonza mafoni ku Limbe:
Ndabwerezanso mayi, muli kuti? Musanawononge ndalama, bwerekani simu ya kampani inayo kwa aneba, muike m'foni ya mwanayo, muyese m'mawa, masana ndi usiku. Muone pamwamba pa foni ngati pakulemba 4G, H kapena E. Pakalemba E, kanema saseweradi. Ikhozanso kukhala foni yakale yosagwira 4G, kapena simu yakale yofunika kusinthitsa. Ngati muli m'malire ngati Mchinji, Dedza kapena Mwanza, foni imatha kumathawira ku netiweki ya dziko loyandikana nalo, mumayenera kuisankhira pamanja. Za kutha kwa bandulo, muzimitse zoti mapulogalamu azidzikonza okha.

Madala a ku Ndirande:
Zonsezo n'zachabe ngati kulibe nsanja. Bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA lili ndi thumba la ndalama lofikitsira netiweki kumadera kumene makampani saonako phindu. Mafumu ndi aphungu azikakamira zimenezo, osamangopempha mijigo. Ine ndakhala ndikunena pa gulu lino chaka chachitatu tsopano.

Mnyamata wa za makompyuta:
Ndiye mwana adikire nsanja kuti atumize ntchito ya Lachisanu?

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Amayi a mvano, simukuwadziwa anthu amenewa. Alamu aja aimba kale kawiri, akuti awerenga. Mng'ono wanga sakundiyankhula. Ndiye mwati rauta yabwino ndi iti?

Wokonza mafoni ku Limbe:
Mayi. Boma lanu lokha. Muli boma liti?

Membala wobisa dzina:
Ndili konkuno kumudzi achimwene, pafupi ndi chigayo.