Kodi ndisiye ntchito yoyang'anira katundu n'kukalowa kubanki ndisanapemphe malo a MBA?

Wofunsa

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsamo kale. Ndagwira ntchito kwa zaka 4 pakampani ina yogawa mankhwala ndi zipangizo zachipatala. Ndinayamba ngati kalaliki wowerengera katundu, ndipo chaka chatha anandikweza kuti ndiziyang'anira nyumba yonse yosungiramo katundu, momwe muli antchito 14 ndi madalaivala 5. Cholinga changa n'choti chaka chamawa kapena chinacho ndipemphe malo ophunzira digiri ya MBA, imene ndi digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, kusukulu yodziwika bwino ya zamalonda.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndikamawerenga mbiri za anthu amene amatengedwa, ndikuona kuti ambiri amachokera kumabanki akuluakulu kapena kumakampani a ulangizi monga McKinsey, Bain ndi BCG. Tsopano banki ina yandipatsa mwayi wa ntchito, koma udindo wake ndi wapansi, chifukwa ndizidzangothandiza kusanthula ziwerengero popanda munthu aliyense womuyang'anira. Mnzanga wina akuti ndilandire msanga popeza dzina la banki limalemera pa CV kuposa ntchito ya makatoni ndi malole. Kodi ndi ntchito yotani imene imathandizadi munthu akamapempha malo kusukulu zimenezi, ndipo kodi zaka 4 zikukwana?

Womaliza MBA

Achemwali, musafulumire kulemba kalata yosiyira ntchito. Funso la zaka ndi losavuta, choncho ndiyambe nalo. Sukulu ya Saïd ya ku Oxford imafuna zaka zosachepera 2, ndipo bungwe la AMBA, limene limavomereza maphunziro a MBA m'mayiko ambiri, limafuna kuti wophunzira akhale atagwira ntchito zaka zosachepera 3. M'sukulu zambiri zotchuka, ophunzira amalowa atagwira ntchito zaka pafupifupi 5, ndiye kuti inuyo podzayamba maphunzirowo mudzakhala muli pakati penipeni pa anzanu. Amene sanakwanitse zaka 2 nthawi zambiri amalangizidwa kuti atenge Masters in Management, digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi ya amene angoyamba kumene ntchito, monga imene ili ku London Business School, pamene amene adutsa zaka 10 amaganizira za Executive MBA, imene ndi MBA ya anthu amene ali kale pa maudindo akuluakulu.

Funso la mtundu wa ntchito limamveka bwino mukadziwa mmene amaphunzitsira. Ku Harvard Business School ophunzira amagawidwa m'magulu a anthu pafupifupi 90, amakambirana nkhani zenizeni za makampani zokwana pafupifupi 500 pa zaka ziwiri, ndipo pa maphunziro ambiri pafupifupi theka la malikisi limachokera pa zimene munthu wayankhula m'kalasi. Choncho amene amasankha ophunzira amakhala akumanga kalasi, ndipo amadzifunsa kuti munthu uyu akadzakweza dzanja adzanena chiyani chimene enawo sakuchidziwa.

Sukulu imene ndinaphunzira ine inali yaing'ono, koma inkatsata njira yomweyo. Tsiku lina tinkakambirana za kampani imene ndalama zake zinamangika m'katundu wosagulidwa. Anzathu ochokera kubanki anali atawerengetsa kale pakompyuta kuti katunduyo achepetsedwe ndi theka, ndipo masamu awo analibe cholakwika. Kenako bambo wina amene anali msilikali woona za mtengatenga anafunsa modekha kuti, ngati galimoto yobweretsa katundu ichedwa masiku atatu, ndani adzaime pakhomo kufotokozera makasitomala? M'kalasi munangoti zii, ndipo aphunzitsi anafufuta zonse zimene zinali pabolodi n'kuyambira pa funso limenelo. Bamboyo sanagwirepo ntchito pakampani yotchuka, koma anali atasenzapo udindo umene zotsatira zake zinkagwera pamutu pake.

Inu muli ndi anthu 19 amene amamvera inu, ndipo munakwezedwa pasanathe zaka 4. Anthu ambiri a msinkhu wanu ochokera kumabanki amavutika kuti apeze chitsanzo chimodzi chokha cha utsogoleri choti alembe pafomu. N'zoona kuti iwo amatengedwa ambiri, koma muzikumbukiranso kuti amapempha malo ali ambiri kwabasi, moti amapikisana okhaokha.

Wosanthula zachuma

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene achimwene anenazi, koma ndikuona kuti apeputsa mbali imodzi. Ntchito ya kubanki kapena ya ulangizi imachotsera osankha ophunzira nkhawa yaikulu, yoti kodi munthuyu adzakwanitsa maphunziro a maakaunti, a zachuma ndi a ziwerengero, amene amabwera mothinana m'miyezi yoyambirira. Munthu wochokera kosungira katundu ayenera kuchotsa nkhawa imeneyi mwa njira ina. Njira yodziwika ndi kukhoza bwino mayeso a GMAT kapena a GRE, amene sukuluzi zimagwiritsa ntchito posankha ophunzira. Mtundu watsopano wa GMAT, umene unayamba kumapeto kwa 2023, uli ndi zigawo zitatu, za masamu, za kumvetsa zowerenga ndi za kusanthula ziwerengero, ndipo malikisi ake amayambira pa 205 kulekeza pa 805. Zotsatira zake zimagwira ntchito kwa zaka 5, choncho mukhoza kulemba panopa mutu usanadzaze ndi zolemba mafomu.

Chinanso n'chakuti simunatiuze chimene mukufuna kudzachita mukadzamaliza. Ngati mukufuna kudzayang'anira kagawidwe ka katundu pakampani yaikulu, ntchito yanu ya panopa ikulozera komweko ndipo nkhani yanu idzamveka yolunjika. Ngati mtima wanu uli pa zamabanki, ndiye kuti mwayi umene mwapatsidwawu si wachabe, makamaka ngati mukuganiza za maphunziro aafupi monga a kusukulu ya zamalonda ya INSEAD, amene amatha pa miyezi 10 ndipo sapatsa munthu mpata wautali wosinthira njira. Maphunziro a zaka ziwiri a ku America amakhala ndi tchuthi chapakati chimene ophunzira amakayeserera ntchito yatsopano, ndipo kumeneko kusintha njira kumakhala kophwekerapo. Koma musalowe kubanki chifukwa chongofuna kukongoletsa CV uku mtima uli kwina, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa.

Ine ndikanakhala inu ndikanapempha abwana kuti andipatse gawo pokonza bajeti ya dipatimenti, kapena kuti ndizikhala nawo pokambirana mitengo ndi makampani amene amakugulitsani katundu. Zimenezo zingakupatseni luso la zachuma popanda kutaya udindo umene muli nawo.

Bwana wa nthambi

Mayi, ine sindinaphunzire MBA, koma ndalembera achinyamata angapo makalata owachitira umboni, ndipo ndikufuna kuti muganizire za kalata imeneyi musanasunthe. Sukulu zambiri zimafuna kalata imodzi kapena awiri, ndipo zimakonda kuti imodzi ichokere kwa amene akukuyang'anirani mwachindunji pa nthawiyo. Mafunso ake amafanana kwambiri. Amafunsa kuti munthuyu amagwira ntchito bwanji poyerekeza ndi anzake a udindo wofanana, ndiponso amafuna kuti wolembayo afotokoze nthawi imene anamudzudzulapo pa chinthu chachikulu ndi mmene iye analandirira chidzudzulocho.

Mnyamata wina anandipempha kalata yotere atangogwira nane ntchito miyezi 7. Ndinakhala usiku wonse ndi fomuyo, ndipo zonse zimene ndinatha kulemba n'zoti amasunga nthawi, ndi waulemu, ndipo amaphunzira msanga. Zonsezo zinali zoona, koma zikanatha kulembedwa za munthu wina aliyense. Mukalowa kubanki lero n'kupempha malo chaka chamawa, kalata yanu idzakhala ngati imeneyo, komanso mudzafunika kuuza bwana watsopanoyo kuti mukuganiza zochoka musanazolowere n'komwe. Abwana anu a panopa anakuonani muli kalaliki, ndipo akudziwa chifukwa chimene anakusankhirani inu n'kusiya ena. Musathamangire kalata ya mkulu wa kampani yonse ngati sakukudziwani, chifukwa owerenga amazindikira msanga kalata imene yalemera ndi dzina la wosayina lokha.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse. Mtima wanga uli pa kagawidwe ka mankhwala, osati zamabanki, ndipo ndikuvomera kuti ndinangotengeka ndi dzina. Pali zinthu ziwiri zimene sindinatchule. Nditangolandira udindo ndinasintha kasanjidwe ka mashelefu kuti mankhwala amene atsala pang'ono kutha mphamvu aziyamba kutuluka, ndipo katundu wotayidwa anachepa kwambiri, koma ndinkaona ngati ndi ntchito wamba yosayenera kuilemba. Chachiwiri n'chochititsa manyazi: usiku wina firiji yaikulu inazima, ndipo tinataya katemera wambiri chifukwa sindinaike munthu woti aziona kazizidwe kake kumapeto kwa sabata. Kodi zimenezi ndizibise?

Womaliza MBA

Musazibise, achemwali, chifukwa sukulu zambiri zimafunsa za nthawi imene munalephera, kaya m'nkhani imene mumalemba kapena pa intavyu, ndipo anthu ambiri amayankha ndi tizolakwa topeka tosaluma. Inu fotokozani mmene zinachitikira: kuti udindo unali wanu, kuti munawauza bwanji abwana m'mawa mwake, ndiponso chimene munasintha, kaya ndi kaundula wolembamo kazizidwe ka firiji maola aliwonse kapena alamu imene imatumiza uthenga pafoni. Musakankhire mlonda kapena wokonza magetsi mlandu, ngakhale atakhala kuti nawonso analakwitsa, popeza chimene akufuna kuona ndi mmene inuyo mumaganizira zinthu zikavuta. Mungachite bwino kukambirana ndi abwana anu pasadakhale, kuti nkhani yomweyi akadzaitchula m'kalata mwawo isadzasemphane ndi yanu.

Za mashelefuzo ndiye zoyenera kukhala pamwamba penipeni pa CV yanu, imene isapitirire tsamba limodzi. Musalembe kuti munali ndi udindo woyang'anira katundu, chifukwa umenewo ndi mndandanda wa ntchito chabe. Tsegulani mabuku a kampani, muone kuchuluka kwa katundu amene ankatayidwa chaka chimene musanasinthe kasanjidweko ndi chaka chotsatira, ndipo mulembe kusiyana kwake m'maperesenti ngati kampani silola kuulula ndalama. Lembani nambala yokhayo imene abwana anu angaivomereze atafunsidwa, chifukwa sukulu zambiri zimatsimikizira maudindo ndi masiku a ntchito munthu akatengedwa. Ndipo popeza owerenga sangadziwe kukula kwa kampani yanu, onjezerani mzere umodzi wonena kuchuluka kwa zipatala ndi mafamase amene amalandira katundu kuchokera m'nyumba imene mukuyang'anirayo.